Envelopu ya khaki m'khwapa: kodi wofuna ntchito agogode khomo liti?

Mu June 2020, Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti ukufuna alangizi a zaumoyo, ndipo wofuna ntchitoyo asavutike n'kulemba kalata, angofika pamalo a mayeso ndi mapepala ake. Kunja kusanache, misewu yopita kumalo amenewo inali itadzaza kale anyamata ndi atsikana, aliyense atakwapatira envelopu ya khaki. Pasukulu ya sekondale ya Katoto ku Mzuzu chikhamu chinakankhana pageti mpaka ena kupondedwa. Anthu amene anadzuka m'mamawa kukafuna ntchito yosamalira odwala anakagona kuchipatala iwo eni.

Tsikulo linaonetsa kukula kwa njala ya ntchito m'dziko muno. Linaonetsanso chinthu china chomwe sichikambidwa kawirikawiri: pakati pa wofuna ntchito ndi wolemba ntchito palibe mlatho wodalirika. Mmalawi amene anakhalako ku Britain amadziwa Jobcentre Plus, nyumba imodzi yomwe lova amalowamo n'kupeza ntchito zomwe zilipo, uphungu ndi thandizo la ndalama. Kuno thandizo lilipo ndithu, koma linamwazikana m'makomo ambiri, ena ku Capital Hill, ena kwa DC, ena kuseri kwa tchalitchi. Wosadziwa khomo amangothera nsapato.

Kodi ilipo ofesi ya boma yomwe udindo wake n'kupezera anthu ntchito?

Ilipo, ndipo si yachilendo. M'maboma muli maofesi a zantchito, omwe anthu amangoti "ku leba". Ali pansi pa Unduna wa Zantchito, ndipo umodzi mwa maudindo awo ndi kulemba m'kaundula anthu ofuna ntchito: dzina, maphunziro, luso la munthu ndi momwe angapezekere. Wolemba ntchito akafika kudzafuna anthu, ofesiyo imayenera kutsegula kaundula n'kulumikizitsa awiriwo. Kulembetsa n'kwaulere.

Koma wina atafunsa anthu pamsika wa Ndirande kapena wa Mchesi kuti ku leba amakatani, yankho lingakhale limodzi: n'komwe munthu amakasuma bwana akamudyera malipiro kapena akamuchotsa popanda chifukwa. Mbiri imeneyi ili ndi gwero lake. Ofesi ya leba inasenza katundu wambiri: kuyendera malo a ntchito, kumva madandaulo, kulondola chipukutamisozi cha ovulala pantchito, kuthamangitsana ndi olemba ana ntchito m'minda ya fodya. Ogwira ntchito mu ofesimo ndi ochepa, mafuta a galimoto ndi osowa. Wobwera akulira kuti sanalipidwe miyezi itatu amamvedwa msanga kuposa wobwera mwakachetechete ndi satifiketi, ndiye nkhani yopezera anthu ntchito imatsalira kumchira.

Vuto lina n'lakuti kaundula amagwira ntchito pokhapokha mbali zonse ziwiri zikamabwera. Malova amabwera, mabwana sabwera kawirikawiri. Kampani ikafuna wowerengera ndalama imalengeza m'nyuzipepala. Ikafuna onyamula katundu imangotsegula geti, poti kunja kuli kale anthu ataima chiimire, monga zimakhalira ku Kanengo nyengo ya fodya kapena ku Makata ndi ku Chirimba. Kafukufuku wa National Statistical Office wa mu 2013 anapeza kuti anthu 89 mwa 100 alionse ogwira ntchito m'Malawi ali pantchito zosalembedwa m'mabuku, za pakamwa chabe. Ntchito zotere sizidutsa mu ofesi iliyonse. Zimayenda ndi kapitawo, ndi mlamu, ndi mnansi.

Ndiye kupitako n'kutaya nthawi?

Ayi, bola munthu apite akudziwa chomwe akukatenga. Makontrakitala, maesiteti ndi makampani a alonda nthawi zina amadzera kumeneko akafuna anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo amene ali ndi luso la manja, monga mmisiri womanga kapena dalaivala, ali ndi mwayi woposa wa yemwe wangonyamula MSCE yokha. Phindu lalikulu ndi uphungu. Ku leba n'komwe munthu angafunse ngati kampani inayake ndi yeniyeni, ngati kalata yomwe wapatsidwa kuti asaine ili bwino, ndiponso malipiro ochepetsetsa omwe lamulo likulola panopa.

Bwanji akuluakulu amati kale ntchito inkachita kumusaka munthu?

Sanama, koma ntchito yake inali ya kunja. Kwa zaka zambiri makina amphamvu kwambiri olembera anthu ntchito m'dziko muno anali a Wenela, yomwe inkatumiza amuna kumigodi ya golide ku Joni, ndi a Mthandizi, omwe ankatumiza anthu kuminda ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia. Anali ndi misasa, madokotala oyeza anthu, malole, sitima ngakhale ndege. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa.

Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa ulendowo. Unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Teba, lomwe pakamwa pa Achewa linasanduka Theba, n'kudzathera mu 1988 pa mkangano woyeza anthu kachilombo ka HIV. Amene akufuna kumvetsa chifukwa chomwe kupezera munthu ntchito ya m'dziko momwemuno kuli kofooka ayambire pamenepa: luso ndi ndalama zinathera pokonza njira yotulutsira anthu, ndipo njirayo itatsekedwa sipanamangidwe ina yofanana nayo mphamvu yoloza mkati.

Nanga wofuna ntchito ya m'boma amalowera kuti?

Salowera ku leba. Boma lili ndi makomiti ake olemba anthu ntchito: Civil Service Commission ya ogwira ntchito m'maunduna, Teaching Service Commission ya aphunzitsi, Health Service Commission ya azaumoyo, ndi Local Government Service Commission ya m'makhonsolo. Apolisi, asilikali ndi a ndende amalengeza paokha. Malo akapezeka amaikidwa m'nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times, pamasamba a maunduna, ndiponso pabolodi la kwa DC, lija lomwe anthu ambiri amangolidutsa popita kukakonzetsa chiphaso cha unzika.

Palibe ndi imodzi yomwe mwa ntchito zimenezi yomwe imagulidwa. Wouza munthu kuti "dzina lako ndilowetsa, ingondipatsa ya fanta" ndi wakuba kapena wakatangale, ndipo onse awiri ndi nkhani ya apolisi ndi bungwe lothana ndi katangale la ACB. Amene akuona kuti anakanidwa mokondera ali ndi ufulu wokadandaula kwa Ombudsman, ofesi yomwe yakhala ikufufuza kalembedwe ka ntchito m'mabungwe a boma mpaka kulamula kuti ena olembedwa mwachinyengo achotsedwe.

Kwa omaliza maphunziro a kuyunivesite, mu 2018 boma linayambitsa ndondomeko yowatumiza m'maunduna ndi m'makhonsolo kukazolowera ntchito, ndipo linkafuna kuti gulu loyamba likhale la achinyamata pafupifupi 5,000. Cholinga chake n'chomveka. Pafupifupi malonda alionse a ntchito amafuna munthu wa zaka ziwiri kapena zitatu pantchito, ndiye wongotuluka kumene ku Chancellor kapena ku Bunda azitenga kuti zakazo? Ndondomekoyi imapereka mzere umodzi wolemba pa CV ndi bwana mmodzi wochitira munthu umboni. Koma silonjeza ntchito yokhazikika, ndalama yake ndi yochepa, ndipo madandaulo oti imachedwa akhala akumveka. Ngakhale ophunzitsidwa ndi boma lomwelo, monga aphunzitsi a m'makoleji a uphunzitsi ndi anamwino, akhala akudikira zaka asanaitanidwe.

Kodi amene sukulu sanapite nayo patali ali ndi khomo lake?

Apa ndiye pomwe pali nkhani yabwino kuposa ina yonse, ngakhale makolo ambiri amaionabe ngati njira ya olephera. TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a luso la manja, linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999. Ndalama zake zambiri zimachokera kwa olemba ntchito, omwe amapereka kwacha imodzi pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito awo. Ndiye kuti mnyamata wophunzira zamagetsi kudzera ku TEVETA akuphunzitsidwa ndi ndalama za makampani omwewo amene mawa adzawagogodera.

Makomo ake ali pamagawo atatu. Pamwamba pali makoleji akuluakulu: Lilongwe, Soche ku Limbe, Nasawa ku Zomba, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Awa amafuna MSCE, malo ndi ochepa, ndipo mpikisano ndi woopsa. Pakati pali makoleji a m'madera, omwe Pulezidenti Peter Mutharika anawatsegulira ku Ngara m'boma la Karonga mu 2015, n'cholinga choti boma lililonse likhale ndi koleji yake. Pansi pali malo ophunzitsira luso m'midzi ndi maphunziro aafupi, komwe ngakhale wolekezera ku pulayimale amatha kulandiridwa. Ntchito zake ndi zomanga, ukalipentala, kuwotcherera, mipope, magetsi ndi sola, kukonza galimoto ndi njinga zamoto, utelala, kukonza tsitsi, kuphika.

Pali chinthu china chomwe amisiri ambiri a m'matauni sachidziwa. Munthu amene anaphunzira ntchito pagalaja ya amalume ake ku Biwi, kapena pa shedi ya mipando ku Ndirande, angathe kukayesedwa luso lakelo n'kupatsidwa satifiketi osabwereranso m'kalasi. TEVETA ili ndi ndondomeko yozindikira luso lomwe munthu anapeza kale. Mmisiri wa zaka khumi wopanda pepala amangokhala "anyamata" pamalo omangapo nyumba, pomwe mnzake wa pepala amalembedwa ngati mmisiri ndi malipiro ake. Kusiyana kwa awiriwa nthawi zina ndi mayeso a masiku ochepa.

Chokhumudwitsa n'chakuti satifiketi sigula makina owotcherera kapena osokera. Ambiri amamaliza maphunziro n'kukakhala pakhomo chifukwa chosowa zida, mwinanso n'kukayamba kabaza.

Mpamba ndiye angaupeze kuti?

Thumba la boma la ngongole zamabizinesi lakhala likusintha mayina malinga ndi amene ali pampando: MARDEF, MEDF, NEEF. Limabwereketsa magulu ndi anthu paokha, koma mbiri yake yadetsedwa ndi ndale komanso ngongole zosabwezedwa, ndipo wopanda chikole kapena gulu amavutika kufikako. Kwa anthu ambiri banki m'khonde ndiyo yakhala yodalirika: mpamba wake ndi wochepa, chiwongoladzanja n'chokwera, koma ndalama imatuluka tsiku lomwelo, pamkeka, onse akuona.

Nanga wa kumudzi, kutali ndi mageti a makampani?

Kuyambira nthawi ya MASAF m'zaka za m'ma 1990, makhonsolo akhala akulemba anthu ntchito zachitukuko zolipidwa, monga kulambula misewu. Lero ndondomekoyi imadziwika kuti Mbwezera Chilengedwe, ndipo anthu amabzala ndi kusamalira mitengo, kutseka zigwembe, kukumba ngalande zokolola madzi m'mapiri. Amene amasankhidwa ndi ochokera m'mabanja ovutika koma okhala ndi mphamvu zogwirira ntchito, kusiyana ndi Mtukula Pakhomo yemwe amapita kwa osatha kugwira ntchito. Iyi si ntchito yoti munthu n'kumangira tsogolo. Ndi ganyu wa boma, wa masiku owerengeka pamwezi, koma m'miyezi ya njala ndalama yake imagula chimanga ndi feteleza.

Kwa DC kulinso ofesi ya achinyamata. Mabungwe akabwera ndi maphunziro a luso, zida kapena mpamba, kawirikawiri safunafuna munthu mmodzimmodzi. Amafunsa mndandanda wa makalabu a achinyamata olembetsedwa. Mnyamata wanzeru koma wosalowa gulu lililonse amangomva mawa lake kuti anzake atengedwa.

Kupatula boma, pamudzi kapena m'tauni pali chiyani chothandiza?

Pali zambiri zazing'onozing'ono, ndipo kunena zoona ndi zomwe zimalembetsa anthu ntchito kuposa maofesi. Nyuzipepala ndi yodula kwa lova, koma malaibulale a National Library Service ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena amakhala nazo. Mawailesi a m'madera amalengeza ntchito za makhonsolo ndi mabungwe. Matchalitchi ndi mizikiti, omwe ali ndi masukulu ndi zipatala zawo, amalengeza malo pa zolengeza za Lamlungu kapena za Lachisanu, ndipo kalata ya abusa, ansembe, shehe kapena amfumu imagwirabe ntchito ngati umboni wa khalidwe, makamaka kwa alonda ndi antchito a pakhomo. Achinyamata okonda zamakompyuta ali ndi malo monga mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub, komwe amaphunzira ndi kukumana ndi anthu ofuna luso lawo.

Anthu aulumali ali ndi bungwe la MACOHA, lomwe tsopano likutchedwa MACODA, lokhala ndi sukulu ya ntchito zamanja ku Magomero m'boma la Chiradzulu ndi fakitale yoluka nsalu ku Bangwe. Lamulo la zantchito limaletsa kukana munthu chifukwa cha ulumali, ngakhale masitepe a maofesi ambiri amakana okha munthuyo asanaonane ndi bwana.

Ndiye pali magulu a WhatsApp ndi masamba a Facebook, omwe lero ndiwo bolodi lalikulu la ntchito m'dziko muno. Malonda enieni amafika msanga kumeneko. Abodza amafika msanga kuposa.

Wakuba angamuzindikire bwanji?

Ndi pakamwa pake, chifukwa posachedwa amatchula ndalama. Amati ya fomu, ya yunifolomu, ya kuchipatala, kapena yoti "tisungire malo", ndipo ipite pa Airtel Money kapena Mpamba panambala ya munthu. Amafulumizitsa: lero lomwe, isanakwane 4 koloko. Amakonda kubwereka mayina a mabungwe akuluakulu ndi kulonjeza malipiro onona kwa munthu yemwe sanamuonepo nkhope. Kampani yeniyeni ili ndi ofesi yoti munthu n'kupondamo, ndipo siitanitsa satifiketi yeniyeni kuti isunge. Imalandira mafotokope, n'kudzaona zenizenizo patsiku la mayeso.

Amene akugwa m'mbunayi si opusa. Ndi anthu otopa. Munthu amene walemba makalata 50 osayankhidwa, foni ikalira n'kumva kuti wasankhidwa, mtima umathamanga kuposa mutu.

Nanga ntchito za kunja, zomwe zikumvekamveka masiku ano?

Theba anatha, koma njira yotulukira sinazime. Mu November 2023, patangopita milungu ingapo nkhondo ya ku Gaza itayamba ndipo antchito ambiri a ku Thailand atathawa m'minda ya ku Israel, achinyamata 221 a ku Malawi anakwera ndege kukalowa m'malo mwawo. Ulendo woyambawo unayendetsedwa ndi makampani olemba anthu ntchito, ndipo unadzutsa mkangano waukulu chifukwa unachitika mwakabisira, dzikolo lili pankhondo. Mu 2024 maboma awiriwa anasainirana mgwirizano, ndipo chaka chomwecho Amalawi 12 anabwezedwa chifukwa chochoka m'minda n'kukagwira ntchito kwina. Chilolezo chotere chimamanga munthu kuntchito yomwe analembedwera. Akaisiya, wasanduka wolakwira lamulo.

Nkhani yowawa kwambiri ndi ya amayi omwe anatengedwa kupita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka ali akapolo a m'nyumba, mapasipoti atalandidwa, ena akumenyedwa ndi kugwiriridwa. BBC inaulutsa nkhani yawo mu 2024, ndipo oposa 50 anabwerera kwawo mothandizidwa ndi gulu la WhatsApp, mabungwe ndi boma. Malawi ali ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la mu 2015, koma lamulo limagwira dobadoba mtsikana ali kale kutsidya kwa nyanja. Apa ndi pomwe ofesi ya leba ili ndi phindu lenileni: wolonjezedwa ntchito kunja akafunse kaye ngati wolembayo ndi wovomerezeka ndi Unduna wa Zantchito, aone kontrakiti asanakwere ndege, ndipo achibale atsale ndi kope lake. Safunsa anadya phula.

Za ku Joni n'zodziwika. Masiku omwe Mmalawi amadindiridwa pachipata ndi a mlendo, si chilolezo cha ntchito, ndipo ambiri amene amapitirira masikuwo amathera kumsasa wa Lindela kudikira kubwezedwa.

Ntchito ikapezeka, nkhani ndi ofesi ya leba yatha?

M'pamene imayamba. Lamulo la zantchito la mu 2000 limati wolemba ntchito anthu asanu kapena kuposerapo apereke kalata yofotokoza malipiro, maola ndi zina zonse pasanathe mwezi munthu atayamba. Ambiri saifunsa poopa kuoneka amwano tsiku loyamba, ndipo tsiku la mkangano amapezeka alibe umboni. Maola a ntchito pamlungu ndi 48, opitirira pamenepo amalipidwa paokha. Malipiro ochepetsetsa amasintha: anali K50,000 pamwezi mu 2021, n'kufika K90,000 mu 2024, ndipo antchito a pakhomo ali ndi mlingo wawo wotsikirapo. Mwana wosakwana zaka 14 saloledwa kulembedwa ntchito. Utenanti wa m'minda ya fodya, womwe unkamanga banja lonse kwa mwini esiteti mpaka fodya atagulitsidwa, unathetsedwa m'malamulo mu 2021.

Wochotsedwa mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokha yokadandaula kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lake. Mkuluyo akalephera kuyanjanitsa mbali ziwirizo pakatha mwezi, nkhani imatha kupita ku khoti la zantchito la Industrial Relations Court, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo kumeneko munthu angathe kudziyankhulira yekha popanda loya. Ambiri amataya miyezi itatuyo akuyendera bwana amene amangowauza kuti abwere Lachisanu.

Pali kapepala kena komwe lamulo lomweli limapatsa munthu aliyense ntchito ikatha, kaya wasiya yekha kaya wachotsedwa, bola akapemphe. Ndi satifiketi yosonyeza komwe anagwira, ntchito yomwe ankagwira, nthawi yomwe anakhalapo ndi malipiro omwe ankalandira. Bwana saloledwa kulembamo chifukwa chomwe munthu wachokera, kapena maganizo ake pa kagwiridwe kake ka ntchito, pokhapokha mwini wake atafuna. Mlonda kapena wantchito wa pakhomo amene watha zaka zisanu pamalo amodzi, akachoka opanda kapepalaka, pageti lotsatira amayamba ngati munthu yemwe sanagwirepo ntchito.